Kusiya mapiritsi okodzetsa: mafunso ndi mayankho kwa amene amatupa akangowaleka

Tsambali talembera anthu a kuno kunyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota, amene akhala akumwa mapiritsi okodzetsa kwa miyezi kapena zaka popanda matenda owayenera, ndipo tsopano akati awasiye thupi limafufuma. Ngati mapiritsiwo anakulemberani ndi adokotala chifukwa cha mtima, impso, chiwindi kapena BP, inu musasiye. Nkhani yanu ndi ina, ndipo taikhudza pa funso lachisanu.

Mapiritsi amene mukunenawa ndi ati?

Wodziwika kwambiri ndi furosemide, amene ambiri amamutchula kuti Lasix: kapiritsi kakang'ono ka 40 mg. Kamayamba kugwira ntchito ola lisanathe, ndipo mphamvu yake imatha pakadutsa maola pafupifupi 6. Wina ndi hydrochlorothiazide, amene m'buku la kuchipatala amangolembedwa kuti HCT, wa 25 mg, mankhwala amene odwala BP ambiri m'Malawi muno amayambira. Palinso spironolactone, amene amakodzetsa pang'ono koma sataya potaziyamu, mchere wina wa m'magazi wofunika ku mtima ndi minofu, ngati anzakewo.

Anthu amalowamo m'njira zosiyana. Wina akakolo anatupa m'kutentha kwa Okutobala, mnzake n'kumugawira mapiritsi a agogo. Wina ankafuna kuti diresi la ukwati limukwane. Wina anapatsidwa a masiku 5 okha, koma atatha anakagula ena, mpaka lero. Mwalamulo furosemide sayenera kugulitsidwa popanda chikalata cha adokotala, koma tonse tikudziwa kuti amapezeka.

Kodi samachepetsa thupi? Ine ndikamwa sikelo imatsika.

Imatsika, koma chatuluka ndi madzi ndi mchere. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mukakodza malita 2 sikelo ionetsa kuti mwatsika ndi makilogalamu 2. Mafuta ali pomwe anali. Mukamwa madzi ndi kudya nsima, mawa lake zonse zabwerera.

N'chifukwa chiyani ndimatupa kwambiri ndikangodumphitsa masiku awiri? Si umboni woti thupi langa limawafuna?

Ayi. Kutupa kumeneko kwabadwa ndi mapiritsi omwewo, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amakodwa.

Impso zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, ndowa 9 za malita 20, koma pafupifupi onsewo zimawabwezera m'magazi. Amene amatuluka ngati mkodzo ndi lita imodzi kapena awiri. Chimene chimakokera madziwo kubwerera ndi sodiyamu, amene ali mumchere: kumene sodiyamu wapita, madzi amamutsatira. Piritsi lokodzetsa limatseka imodzi mwa njira zobwezera sodiyamu, choncho mchere ndi madzi zimatsikira mumkodzo.

Thupi la munthu amene analibe madzi opitirira muyeso limaona zimenezi ngati ngozi. Magazi akachepa m'mitsempha, impso zimatulutsa chinthu chotchedwa renin, chimene chimadzutsa mahomoni (timadzi tonyamula uthenga m'magazi) mpaka kufika pa wina wotchedwa aldosterone. Ntchito ya aldosterone ndi kuuza impso kuti zigwire mchere uliwonse umene wadutsa, n'kutaya potaziyamu m'malo mwake. Mukamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku kwa miyezi, mahomoni amenewa amakhala okwera usana ndi usiku, ndipo timachubu ta kumapeto kwa impso timakula n'kuzolowera kuyamwa mchere wambiri. N'chifukwa chake piritsi limodzi limene linkakukodzetsani kwambiri poyamba lero silikwanira, mwafika pa awiri kapena anayi.

Ndiye tsiku limene mwasiya, chotsekereza chija chachoka koma impso zikadali pa ntchito yogwira mchere mwamphamvu. Zili ngati banja limene lavutika ndi njala zaka ziwiri zotsatizana: chimanga chikapezeka siligulitsa ngakhale chigoba chimodzi, chonse limakokera m'nyumba. Impso zimafuna masabata angapo kuti zikhulupirire kuti njala yatha. M'masiku amenewo mchere ndi madzi zimadzaza m'mapazi, m'miyendo, m'manja, m'mimba ndi m'zikope. Munthu amaopa, n'kumwanso piritsi, kutupa n'kuphwa, iye n'kutsimikiza kuti popanda mapiritsi sangakhale.

Zimenezi si zachilendo kwa madokotala. M'zaka za m'ma 1970 madokotala a ku London, mmodzi mwa iwo Graham MacGregor, anaonetsa kuti amayi ambiri amene ankaoneka ngati ali ndi kutupa kosadziwika chiyambi chake ankatupa chifukwa cha mapiritsi okodzetsawo, ndipo atawasiya n'kupirira, kutupako kunatha kokha mwa ambiri.

Kutupako kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Tsiku loyamba ndi lachiwiri mkodzo umachepa ndipo sikelo imayamba kukwera, koma maso saona kanthu, chifukwa thupi limatha kubisa malita 2 kapena 3 kutupa kusanaonekere. Kenako nsapato zimathina, mphete imakana kuvuka, m'mawa zikope zimadzuka zolemera, madzulo akakolo amasowa. Mukadina ndi chala pa fupa la kutsogolo kwa mwendo pamatsala kadzenje.

Pachimake pamafika pakati pa tsiku la 4 ndi la 10. Ambiri amawonjezera makilogalamu 2 mpaka 5, ndipo amene ankamwa mapiritsi ambiri pa tsiku amatha kupitirira pamenepo. Kenako sikelo imaima masiku angapo, ndipo tsiku lina mudzangoona kuti mukukodza kawirikawiri nokha, makamaka usiku. Kwa ambiri kutupa kumakhala kutatha pofika sabata yachitatu kapena yachinayi. Amene amwa kwa zaka zambiri nthawi zina amatenga miyezi iwiri kapena kuposa.

Dziwiranitu kuti simudzabwerera pa kulemera kumene munkaona mutangomwa piritsi. Kumeneko kunali kulemera kwa thupi louma. Kulemera kwanu kwenikweni kumakhala kokwererapo ndi kilogalamu imodzi kapena awiri, ndipo amenewo ndi madzi amene thupi linkawasowa.

Kwa amayi, masiku oyandikira kusamba thupi limasunga madzi mwachibadwa. Ngati n'kotheka yambani kusiya mutangomaliza kumwezi, kuti zinthu ziwirizi zisakumane.

Ndidziwa bwanji kuti kutupa kwanga si matenda ena?

Panokha simungadziwe, ndiye musanasiye pitani mukayezedwe. Mapiritsi okodzetsa amabisa matenda: munthu amakhala akuphwetsa miyendo chaka chonse pamene chotupitsa chenicheni chikukula.

Mtima wofooka umatupitsa miyendo yonse iwiri, ndipo umabwera ndi befu pokwera kamtunda, kulephera kugona chagada popanda mapilo awiri kapena atatu, ndi chifuwa cha usiku. Impso zodwala zimatupitsa nkhope m'mawa ndipo mkodzo umachita thovu. Chiwindi chimadzaza madzi m'mimba. Kuno kunyanja tiwonjezerepo likodzo: la m'chikhodzodzo likakhalitsa limatha kutseka njira ya mkodzo n'kuwononga impso, ndipo la m'matumbo limaumitsa chiwindi. Kuchepa kwambiri kwa magazi ndi kunyentchera nazonso zimatupitsa. Mwendo umodzi wokha wotupa, wotentha ndi wopweteka ukhoza kukhala magazi oundana mumtsempha, ndipo umenewo ndi wa lero lomwe, osati wa mawa.

Mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja, mutu ukuwawa kapena maso akuchita chidima, apite kuchipatala msanga akamuyeze BP ndi mkodzo. Asamwe piritsi lokodzetsa.

Palinso mankhwala otupitsa. Amlodipine ndi nifedipine, amene amaperekedwa kwa odwala BP, amatupitsa akakolo mwa anthu ambiri, ndipo kutupa kwake sikumva furosemide kwenikweni. Mankhwala ake ndi kukauza a ku kiliniki ya BP kuti achepetse mlingo kapena asinthe. Prednisolone ndi dexamethasone, amene ena amamwa kuti anenepe, amasungitsa mchere ndi madzi.

Amene ali ndi matenda a mtima, impso kapena chiwindi, mapiritsi okodzetsa ndi amene akumusunga. Akasiya, madzi amatha kudzaza m'mapapo m'masiku ochepa. Nayenso womwa HCT imodzi m'mawa chifukwa cha BP sakulakwitsa kanthu, apitirize.

Kuchipatala ndikanene chiyani? Ndikuchita manyazi.

Tengani buku lanu la kuchipatala ndi paketi ya mapiritsiwo, ngakhale yopanda kanthu. Nenani zinthu zitatu mosabisa: dzina la mapiritsi, angati pa tsiku, ndi kuyambira liti. Mukachepetsa nambala, dongosolo lonse losiyira limalakwika. Mungoti, “Adokotala, ndakhala ndikumwa Lasix awiri m'mawa uliwonse kwa chaka ndi theka, sanandilembere ndi munthu, ndikufuna kusiya koma ndimatupa.” Basi. Wachipatala wabwino amasangalala ndi chiganizo chotere, chifukwa chamupulumutsa ku ntchito yofufuza zinthu zambiri.

Tchulaninso mankhwala ena onse: ma ARV, a shuga, a BP, olerera, azitsamba. Tenofovir amene ali m'ma ARV ambiri amafuna impso zosauma, ndiye a ku kiliniki yanu ayenera kudziwa. Ma ARV musasiye.

Zoyenera kuyezedwa ndi BP mutakhala pansi ndiponso mutaimirira, kulemera, mkodzo kuti aone ngati mukutaya mapuloteni kapena magazi, kuchuluka kwa magazi, mimba kwa amayi, ndi magazi a impso: creatinine (amene amaonetsa mmene impso zikusefera), sodiyamu ndi potaziyamu. Potaziyamu wabwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0, sodiyamu pakati pa 135 ndi 145. Zipatala zazing'ono zambiri zilibe makina oyezera zimenezi, ndiye pemphani kalata yopitira ku chipatala chachikulu cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota. Zikaoneka kuti impso kapena mtima zakhudzidwa, amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Ndisiye lero lomwe kapena pang'onopang'ono?

Njira zonse ziwiri zimagwiritsidwa ntchito. Kusiya kamodzi kumatupitsa kwambiri koma nkhani imatha msanga, ndipo ndi kumene adokotala amasankha ngati potaziyamu watsika kapena impso zauma, popeza piritsi lililonse lowonjezera likuwonjezera ngozi. Kutsika pang'onopang'ono kumatupitsa pang'ono koma kwa nthawi yaitali, ndipo kumathandiza munthu amene akudziwa kuti akaona miyendo itafufuma sapirira.

Chitsanzo cha kutsika kwa womwa 40 mg pa tsiku: theka la piritsi tsiku lililonse kwa sabata imodzi kapena awiri, kenako theka lomwelo modumphitsa tsiku kwa sabata ina, kenako kusiya. Pa sitepe iliyonse thupi limatupako masiku angapo. Musatsike sitepe ina mpaka sikelo itaima. Ichi n'chitsanzo chabe, mlingo wanu aukonze ndi amene waona zotsatira za magazi anu.

Amene akumwa mapiritsi anayi kapena kuposa pa tsiku, amene potaziyamu wake ali pansi pa 3.0, amene amakomoka, kapena amene amadzisanzitsanso, asayese kunyumba yekha. Ameneyo amafunika kuyezedwa magazi pafupipafupi, mwinanso kugonekedwa masiku oyambawo. Nthawi zina adokotala amapereka spironolactone kwa masabata ochepa, chifukwa amatsekereza aldosterone mwachindunji. Musakagule nokha: amakweza potaziyamu, ndipo potaziyamu wokwera kwambiri amaimitsa mtima monga momwe wotsika amachitira.

Cholakwika chimene timachiona kawirikawiri ndi “kumwa pokhapokha ndikatupa”. Kumwa lero, kudumpha masiku atatu, kumwa awiri Lachisanu chifukwa Loweruka kuli chinkhoswe. Kumeneko si kutsika. Mahomoni aja amangodzutsidwanso nthawi iliyonse.

Mchere ndichepetse mpaka pati?

Pa zonse zimene mungachite nokha, iyi ndiyo ili ndi mphamvu. Madzi sakhala m'miyendo popanda mchere wowagwira: magalamu 8 kapena 9 a mchere amasunga pafupifupi lita imodzi ya madzi. Impso zanu pa masabata amenewa zikugwira pafupifupi mchere wonse umene mwadya, ndiye kukula kwa kutupa kwanu kukupimidwa ndi supuni ya kukhitchini.

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kamene ndi kasupuni ka tiyi kamodzi kosefukula, kuwerengera ndi umene uli kale m'zakudya zogula. Pa banja la anthu 5, paketi ya magalamu 500 iyenera kukwana masiku 20 kapena kuposa. Ngati kwanu imatha pa sabata imodzi ndi theka, mwadziwa pamene muli. Pa mwezi wosiya mapiritsi yesetsani kukhala pansi pa mlingo umenewu. Yambani kuchepetsa masiku atatu kapena anayi musanasiye piritsi, osati mutatupa kale.

Njira yosavuta ndi yakuti wophika apatule ndiwo zanu asanathire mchere, inu muziwaza kambiri kochokera pa theka la kasupuni kamene mwadzipimira m'mawa. Kakatha, katha.

Mchere wobisika ndi umene umagwetsa anthu. Timakyubu tokometsera ndiwo pafupifupi theka lake ndi mchere, chimodzimodzi timapaketi ta ufa wokometsera timene timabwera ndi soya pieces kapena ma noodles. Soseji, polony, tchipisi cha pachiwaya, kanyenya wothira mchere ndi tsabola, mtedza wokazinga wa m'timapepala ndi tokhwasula ta ana ta m'mapaketi, zonsezi zidikire mwezi uthe. Buledi ali ndi mchere ngakhale samveka. Usipa wofutsa umawiritsidwa m'madzi a mchere; ngati ndiwo zilipo ndi zomwezo, uviikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 20, tayani madziwo, ndipo pophika musathirenso mchere. Nsomba zaziwisi, chambo, utaka, kampango kapena usipa wa lero, zilibe vuto, ndipo mwayi wa ife a kunyanja ndi umenewu.

Ndiye pali soda. Ambiri saganiza kuti soda wothira m'therere, m'nkhwani kapena m'chigwada ndi mchere, poti sawawa ngati mchere, koma ndi sodiyamu yemweyo: supuni ya soda ili ndi sodiyamu wopitirira theka la amene ali mu supuni ya mchere. Mankhwala a kutentha pamtima amene amachita thovu m'madzi nawonso ndi soda. Thanzi ORS ndi wa munthu wotsegula m'mimba. Musamamwe ngati chakumwa chobwezera mphamvu pamene mukutupa.

Nsima, kondowole, mpunga, mbatata ndi chinangwa zilibe mchere mwa izo zokha. Ndiwo zikomereni ndi tomato wambiri, anyezi, adyo, kambuzi, nsinjiro, mandimu kapena bwemba. Lilime limadandaula masabata awiri kapena atatu, kenako limazolowera.

Chenjezo limodzi: wodula nzimbe ku Dwangwa, wopalasa bwato kapena wa kabaza amene amatuluka thukuta tsiku lonse amataya mchere pakhungu. Ameneyo achepetse koma asachotseretu.

Nanga madzi? Ndikamwa ochepa si ndiye kuti nditupa pang'ono?

Ayi, mudzangowawitsa mutu ndi kuumitsa impso zimene zatopa kale. Imwani mukamva ludzu. Kwa ambiri ndi lita imodzi ndi theka mpaka malita 2 pa tsiku, ndi kuwonjezerapo m'miyezi yotentha. Mkodzo ukhale wachikasu chotuwira. Musapitenso mbali inayo, kumwa malita 5 poganiza kuti mukutsuka thupi: sodiyamu wa m'magazi amasungunuka n'kutsika, makamaka mwa amene ankamwa HCT, ndipo munthu amatha kusokonezeka mutu kapena kugwa khunyu. Mowa upumitseni mwezi umenewu.

Miyendo imakokana usiku, mtima umadumphadumpha. N'chiyani?

Kawirikawiri ndi potaziyamu ndi magineziyamu amene anathera mumkodzo. Zizindikiro zake ndi kukokana kwa minofu, kufooka kwa miyendo podzuka pampando, dzanzi, kudzimbidwa, ndi mtima wogunda mosalongosoka. Amene amafa ndi mapiritsi okodzetsa nthawi zambiri amafa ndi chimenechi, osati ndi kutupa.

Mukasiya piritsi kutayako kumachepa, ndipo chakudya chimathandiza kubwezera: nthochi, mbatata, kachewere, nyemba, nandolo, mapeyala, tomato, nkhwani, bonongwe, mango ndi malambe, amene ku Salima sasowa. Koma ngati magazi aonetsa kuti potaziyamu watsika kwambiri, nthochi sizikwanira. Adokotala amapereka mapiritsi a potaziyamu monga Slow-K, kapena dripi.

Ena amafunsa za chidulo m'malo mwa soda. Chidulo chimachokera ku phulusa ndipo chili ndi potaziyamu wambiri, ndiye sichitupitsa ngati soda. Koma mphamvu yake siipimika, chidulo cha lero sichifanana ndi cha dzulo. Amene impso zake sizili bwino, kapena akumwa spironolactone kapena mankhwala a BP otchedwa enalapril, achipewe pamodzi ndi mchere wa m'masitolo umene amati ndi wa odwala BP, poti nawonso ndi potaziyamu.

Ndingatani kuti miyendo ipepuke pamene ndikudikira?

Madzi amatsikira pansi. Gonani chagada pamphasa, miyendo itakwera pa mapilo kapena itatsamira khoma kuti mapazi akhale pamwamba pa mtima, kwa mphindi 20 mpaka 30, katatu pa tsiku. Kukhala pampando mapazi ali pa kampando kena sikukwanira. Mukagona chonchi madzi amabwerera m'magazi ndipo impso zimawatulutsa, choncho musadabwe mukadzuka n'kuthamangira kuchimbudzi.

Yendani m'mawa kapena dzuwa litapepa, mphindi 30, chifukwa minofu ya katumba ikamagwira ntchito imapopa madzi kukwera. Chovuta ndi kuima kapena kukhala malo amodzi: wogulitsa pamsika wa Kamuzu Road, telala pa makina, mphunzitsi, kapena ulendo wa pa minibasi wopita ku Lilongwe. Pa ola lililonse nyanyamphirani ka 20 kapena yendani pang'ono. Masokosi othina a kuchipatala amathandiza ngati mwawavala m'mawa musanatsike pabedi, ngakhale kuti ndi kutentha kwa kuno ambiri amawavula pofika masana. Musamange mwendo ndi chingwe, lamba kapena nsalu yothina pamalo amodzi. Vulani mphete tsiku loyamba lomwe, chala chisanatupe.

N'zoona kuti kuima m'madzi ofika m'chifuwa kumakodzetsa ndipo kumaphwetsa miyendo. Koma madzi osayenda a m'mabango, monga a m'mbali mwa Chia kapena m'madambo a mpunga, ndi kwawo kwa nkhono za likodzo, osanenanso za ng'ona. Sitikulangizani kusinthanitsa kutupa kwa masabata atatu ndi likodzo.

Ngati muli ndi ufulu wosankha nthawi, miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ndi yabwino kusiyana ndi Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumatupitsa ngakhale anthu abwinobwino. Koma ngati magazi aonetsa ngozi, musadikire nyengo.

Ndizidziyeza kangati pasikelo?

Kamodzi pa tsiku, m'mawa mutakodza, musanadye, pa sikelo imodzimodzi, n'kulemba m'kope. Cholinga n'choti muone tsiku limene nambala yaima ndi limene yayamba kutsika. Kuyeza m'mawa ndi madzulo kumangoopseza, chifukwa aliyense amalemera kwambiri madzulo. Ngati nambalayo ndi imene imakubwezerani ku mapiritsi, musakhale ndi sikelo m'nyumba. Anesi azikuyezani kawiri pa sabata inu mutayang'ana kumbali.

Ndimasala kudya, nthawi ya Ramadan kapena ya mapemphero a kutchalitchi. Zikukhudzana?

Kwambiri. Munthu akakhala ndi njala thupi limataya mchere ndi madzi, ndipo akadya chakudya chambiri cha ufa kapena shuga nthawi imodzi, insulin, homoni yowongolera shuga m'magazi, imakwera n'kuuza impso kuti zigwire mchere. Kusinthasintha kotere kumatupitsa ngakhale popanda mapiritsi. Pa mwezi wosiya idyani katatu pa tsiku, mlingo wofanana. Kumwa piritsi lokodzetsa kenako n'kukhala tsiku lonse osamwa madzi pa dzuwa la kunyanja kumatha kuvulaza impso. Konzani kuti musiye mwezi wosala usanafike kapena utadutsa, ndipo ngati achipatala ati thupi silili bwino, kambiranani ndi a shehe kapena abusa anu za kusala kwanuko.

Kodi tiyi wochepetsa thupi kapena zitsamba zokodzetsa zingalowe m'malo?

Ayi. Ambiri mwa matiyi amenewa ali ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba, ndipo kutaya madzi kudzera m'mimba kumadzutsa aldosterone yemweyo ndi kutsitsa potaziyamu chimodzimodzi. Womwa zotsegula m'mimba tsiku ndi tsiku nayenso amatupa akasiya. Ngati mumamwa zonse ziwiri, nenani zonse ziwiri.

Pa ululu imwani panado. Brufen, diclofenac ndi indocid amasungitsa mchere ndipo amapweteka impso zouma.

Ndi zizindikiro ziti zoti ndisadikire kunyumba?

Kubanika, makamaka mukagona chagada kapena kudzidzimuka usiku mpweya utathawa. Kupweteka pachifuwa, mtima kuthamanga kapena kudumpha osaleka, kukomoka. Kufooka koti simungaimirire kapena kukweza manja. Kusokonezeka mutu, kusinza kosadzuka bwino, kapena khunyu. Kukodza kosakwana theka la lita tsiku lonse. Kusanza kapena kutsegula m'mimba kosalekeza. Mwendo umodzi kutupa kuposa unzake, kapena khungu kufiira, kutentha ndi kuchucha madzi. Kukwera kopitirira makilogalamu 5, kapena kukwerabe tsiku la 14 litadutsa. Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kupeza njinga yamoto kapena galimoto, ngakhale usiku.

Ndinapirira masiku 6, ndinadziona pagalasi, n'kumwanso. Ndiye kuti sindingathe?

Munasiyira pachimake penipeni, pamene pamagonjera anthu ambiri. Bwererani kwa adokotala mukonzenso, mwina mwa njira yotsika pang'onopang'ono. Ulendo uno konzekerani masiku amenewo: zovala zomasuka ndi chitenje m'malo mwa siketi yothina, patapata m'malo mwa nsapato zotseka, sabata yopanda ukwati kapena msonkhano, ndi munthu mmodzi wa m'nyumba, amuna anu, achemwali kapena mayi, amene akudziwa zimene zikuchitika ndipo ndiye akusunga mapiritsi otsalawo. Anthu adzafunsa, kuno safunsa mobisa: “Mwanenepatu, kapena pali nkhani yabwino?” Khalani ndi yankho lokonzeratu, monga lakuti mukusintha mankhwala ndipo achipatala akudziwa.

Ngati chimene chimakubwezerani ndi mantha a kunenepa amene sakuchokani m'mutu, ngati mumadya kwambiri mobisa kenako n'kudzisanzitsa, kapena mumadzimana chakudya masiku, ndiye kuti mapiritsi ndi nthambi chabe ya matenda a kadyedwe. Ndi matenda enieni, amagwira akazi ndi amuna omwe, ndipo amachizika. Funsani anesi kapena a kiliniko oona za maganizo pa chipatala chachikulu cha boma. A St John of God ku Lilongwe nawonso amathandiza pa matenda a maganizo.

Papita mwezi ndi theka, kutupa sikunathe. Impso zinawonongeka?

Mwa ambiri kufooka kwa impso kobwera ndi kuuma kumabwerera mwakale madzi akakhazikika. Amene amwa furosemide wambiri kwa zaka akhoza kutsala ndi zipsera kapena timiyala ta kashiamu m'impso, ndipo ena amadwala gauti, chala chachikulu cha kuphazi kutupa ndi kuwawa koopsa, chifukwa mapiritsiwa amakweza uric acid, asidi wa m'magazi amene amaunjikana m'mfundo za mafupa. N'chifukwa chake creatinine ndi potaziyamu ziyenera kuyezedwanso pakatha sabata imodzi kapena awiri mutasiya, ndiponso pakatha miyezi itatu.

Kutupa kukapitirira masabata 6, yambani mwaunika mchere: kyubu imene wophika akuponyabe mumphika, soda wa m'therere, tchipisi cha masana kuntchito. Kenako mankhwala ena, makamaka amlodipine ndi brufen. Ngati zonsezi zili bwino, bwererani kuchipatala ndi kope lanu la sikelo, akayezenso mapuloteni mumkodzo, aunike mtima ndi chiwindi, ayeze chithokomiro ngati n'kotheka, ndipo kwa aliyense amene amasamba kapena kuchapa m'nyanja, ayang'anenso mazira a likodzo mumkodzo ndi m'chimbudzi.